Masewera ndi sukulu: intaneti imathandiza wokonzekeratu

Nthawi zambiri wophunzira wochita masewera satsalira m'kalasi chifukwa cha ulesi. Chimamugwetsa ndi masiku aulendo. Popeza maphunziro ali pa intaneti, amadziuza kuti awerenga m'basi. Koma m'basi netiweki imaduladula, anzake ali pa phokoso, ndipo pobwerera thupi limangofuna tulo.

Ntchito yaikulu ndi ya sabata yoyamba ya teremu. Tengani ndandanda ya masewera ndi ya masiku a mayeso ndi opereka ntchito, muziike pa kalendala imodzi. Pamene zawombana, lemberani aphunzitsi kudakali milungu iwiri. Tchulani tsiku lonyamuka, lobwerera, ndi limene mukupempha kudzapereka ntchitoyo. Aphunzitsi ambiri savuta mukapempha kupereka msanga. Amavuta ndi uthenga wobwera tsiku litadutsa kale, ndipo sindiwaimba mlandu.

Usiku woti mawa ndi ulendo, sungani zonse mufoni kapena mulaputopu. Apu ya Moodle, imene sukulu zina zimaikapo maphunziro, imalola kusunga maphunziro kuti muwerenge popanda netiweki. Google Docs, yolembera pa intaneti, nayo imatero, koma muyenera kuitchera mudakali pa intaneti. Mukatero zimitsani data ndi Wi-Fi, mutsegule fayilo iliyonse. Ambiri amadumpha apa, n'kukazindikira ali kutali kuti vidiyo inalowa theka. Vidiyo yosaoneka bwino kwenikweni ya 360p imakwanira ngati mukungomvera mawu, koma ya masamu olemba pa bolodi isungeni pa 720p yooneka bwino, apo ayi manambala saoneka.

Mukapita kudziko la nthawi yosiyana, samalani ndi nthawi yotsekera kupereka ntchito, monga 23:59. Ndi 23:59 ya kusukulu, osati ya kumene mwagona.

Zofuna mutu wozizira, monga masamu kapena kulemba nkhani yaitali, zichiteni musanapite kokonzekera masewera. Mukachokako siyirani zopepuka: kubwereza manotsi kwa mphindi 25, kapena kumvetsera phunziro lojambulidwa. Musabe nthawi ya tulo, chifukwa wazaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10.

Chimene makochi ndi makolo amaiwala ndi kuvulala m'mutu. Mwana akagundidwa mutu n'kuyamba chizungulire, kumuuza kuti "poti sukusewera, peza mpata umalize za pa kompyuta" n'kumulakwira. Aonedwe ndi dokotala, ndipo maola 48 oyamba achepetse kwambiri kuyang'ana foni ndi kompyuta. Kenako ayambe pang'onopang'ono, mphindi 10 kapena 15, n'kupuma mutu ukayamba kupweteka. Abwerere m'kalasi mokwanira kaye, ndipo zolimbana ndi anzake pabwalo zidikire chilolezo cha dokotala.