Injini ya gusheshe imene inatitsegulira galaja

Umakaniki ndinauphunzirira ku Ndirande, pagalaja ya pansi pa mtengo wa mango, kumene tinkadzutsa maminibasi ofika atatheratu. Nditabwera kuno ku Joni ndinapeza ntchito pagalaja ina kummwera kwa mzinda, yosintha oyilo ndi mabuleki kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka lina mnzanga wa kuntchito ananditengera kokaonera spinning, masewero ozunguliza galimoto matayala akufuka utsi. Ndinaima pafupi ndi mpanda wa matayala, BMW yakale ikuzungulira pamalo amodzi, utsi uli tolotolo, dalaivala atatulutsa thupi lonse pawindo. Anthu ankakuwa mpaka mawu kusasa. Ine khutu langa linali pa injini, mmene inkalirira pamwamba penipeni kwa mphindi zingapo osapuma, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti mkati mwakemo zitsulo zikupirira bwanji.

Galimoto imeneyo kuno amaitcha gusheshe. Ndi BMW E30 325i, ndipo yolemekezeka kuposa zonse ndi 325iS, imene inapangidwira South Africa yokha ku fakitale ya Rosslyn pafupi ndi Pretoria, kuyambira 1990. Anaipanga kuti ikalimbane ndi Opel Kadett Superboss pamipikisano ya Group N, ya magalimoto ofanana ndi ogulitsidwa kwa anthu. Injini yake inali ya malita 2.7, yoyamba ikutulutsa 145 kW, yotsatira 155 kW. Masiku ano 325iS yeniyeni munthu wamba sangaigwire, mtengo wake ndi wa nyumba. Chimene anyamata a ku Soweto ndi ku Vosloorus amafuna ndi injini yofanana nayo, yoti aiveke mu 325i wamba. Ndinati ndiyese kumanga imodzi ndi manja anga.

Ndinagula M20 yakufa, injini ya mu 325i, pamalo ogulitsa zitsulo zakale, ya masilinda sikisi, malita 2.5. Chinsinsi chake chili pa crank, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza. Ya 325i imayendetsa pisitoni mamilimita 75, pamene ya M20 ina yotchedwa eta imayendetsa mamilimita 81. Ukaiveka m'block ya mabowo a mamilimita 84, injini imakula kufika 2,693 cc. Kunena n'kosavuta. Crank imeneyo ndinaisaka miyezi iwiri, mapisitoni oyenerana nayo ndinachita kuitanitsa, ndipo block inapita kwa akatswiri a makina kukasalazidwa. Ntchito yonse ndinkaigwira usiku kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi, injini ili pa sitandi, nyale italendewera pa waya woyanikapo zovala. Bearing iliyonse ndinkaiyeza ndi kaulusi ka plastigauge, mpata wa ring iliyonse ndi feeler gauge, kenako n'kulemba m'kope la sukulu limene mayi a kunyumba anandigulira. Iwo ndiwo anaumirira zolembazo. Anati, "Bambo, chimene simunalembe mawa mudzakangana nacho ndi mutu wanu."

Panatha pafupifupi chaka. Injini inatha, koma galimoto yoiikamo ndinalibe, ndipo kumudzi amayi anadwala, ndalama zikufunika msanga. Ndinaijambula n'kuika pa gulu la Facebook la okonda ma E30. Mtima unandiwawa tsiku limenelo.

Anabwera ambiri. Ena ankangofuna kujambulitsa nayo, ena ankatchula mtengo wa injini ya pa sikirapu. Kugulitsa injini kwa munthu wokonda magalimoto n'kovuta chifukwa chimene akulipira sachiona. Kunja injini zonse zopentedwa zimawala mofanana, ndipo aliyense wa iwo anapsapo kale ndi wina amene anamuuza kuti mkati muli zatsopano, chikhalirecho anangotsuka ndi petulo. Komanso ine ndinali mlendo, wolankhula Chizulu chothyokathyoka. Amene anagula anali bambo wina wachikulire wa ku Soweto, mwini mataxi, amene anayamba spinning kalekale isanavomerezedwe ngati masewero. Sanafunse za mtengo poyamba. Anayendetsa chala m'mbali mwa head, chigawo cha pamwamba pa injini, n'kufunsa kuti, "Mkati muno muli chiyani?" Ndinawapatsa kope lija. Anakhala pa kreti ya zakumwa n'kuwerenga tsamba ndi tsamba, kufunsa chifukwa chimene silinda yachinayi ndinaiyeza kawiri. Ndinawauza kuti ring yoyamba inali yothina, ndinaipala ndi fayilo. Anagwedeza mutu, ndipo madzulo ake anabwera ndi bakkie.

Titaiveka mugalimoto yawo tinapita nayo pa dyno, makina oyeza mphamvu ya injini. Apa pali bodza lalikulu pamalonda athu ano. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu ndithu poyerekeza ndi ku Durban kapena Cape Town. Ogulitsa ena amatchula nambala ya kunyanja, kapena ya pa crank, osanena kuti pamatayala pafika zochepa. Ine ndinawapatsa pepala mmene linatulukira m'makina, la mphamvu ya pamatayala, pano pa Joni.

Ulendo wachitatu kubwalo, injini inawira. Anandiimbira usiku, mawu ali pansipansi: "Mfana, head yang'ambika." Sindinagone. Head ya M20 ndi ya aluminiyamu, ikatentha kwambiri imang'ambika, ndipo cholakwa chinali changa. Ndinamanga injini ndikuganiza ngati ya pamsewu kapena ya mpikisano wa drag wa ku bwalo la Tarlton, kumene galimoto imathamanga mamita 402 molunjika, mphepo ikuwomba radiyeta. Pa spinning galimoto imayenda cham'mbali, injini ili pamwamba, kutsogolo kulibe mphepo yolowa, pali utsi wa matayala okhaokha. Oyilo nayenso amathawira mbali imodzi ya sampu, pampu n'kumayamwa mpweya. Zimenezi ndinayenera kuziona tsiku loyamba lija ndili pampanda.

Ndinakaitenga ndekha. Head ina ndinagula ndi ndalama zanga, zimene tinkasungira lendi, ndipo mayi a kunyumba sanandiletse, anangolemba m'buku. Ndinawotcherera timapuleti m'kati mwa sampu kuti oyilo asathawe, ndinaika radiyeta yaikulu ya aluminiyamu, mafani awiri amagetsi ndi oil cooler yoziziritsa oyilo. Ndinasinthanso ma rocker, tizitsulo totsegula mavavu, chifukwa a M20 amathyoka ukaikweza mopitirira, ndipo limita, yoletsa injini kukwera mopitirira malire, ndinaitsitsa pang'ono. Mdala uja anadandaula za limitayo, amakonda kulira kwa pamwamba. Ndinawauza kuti, "Baba, mukufuna phokoso la usiku umodzi kapena injini ya chaka chonse?" Anaseka, n'kuisiya momwemo. Inatha chaka chonse osatsegulidwa, ndipo kubwalo aliyense wofunsa ankamulozera kwa "Mmalawi wa kope uja".

Lero tili ndi galaja yathuyathu, ine, mayi a kunyumba amene amagwira mabuku, ndi anyamata awiri, mmodzi wa ku Mangochi, wina wa konkuno. Sitimanga injini zambiri pachaka, ndipo sindifuna kuchulukitsa. Wogula amalipira theka poyamba kuti tigule zipangizo, ndipo ali ndi ufulu wobwera tsiku lotseka injini kudzaona ndi maso ake chilichonse chisanaphimbidwe. Ambiri amabweradi, ena ndi anzawo atatu. Aliyense amapita ndi kope lake. Funso langa loyamba silikhala la ndalama, ndimafunsa kuti injiniyo ikukagwira ntchito yanji, chifukwa ya drag, ya drift (yokhota galimoto ikutsetsereka cham'mbali) ndi ya spinning sizimangidwa mofanana.

Achinyamata ambiri tsopano akufuna V8 ya Lexus, 1UZ ya malita 4.0, chifukwa ndi yolimba ndipo mphamvu imabwera popanda kuivutitsa. Timawaikira, ndipo ndi injini yabwino, sindingainyoze. Koma wina akalowa pageti n'kunena kuti akufuna M20 ya 2.7, ndimasiya zimene ndikuchita n'kumukokera mpando. Pa sitandi pano pali ina, ya mwana wa mdala uja. Crank yafika dzulo, ndaiyeza m'mawa uno, ndipo Loweruka akubwera ndi bambo ake kudzaona tikutseka.