Zoti ndinatafuna nambala yanga, imvani kwa mwiniwakene

Poti ena mwayamba kale kufalitsa pa gulu kuti ndinadya foni, bola ndinene ndekha. Sindinadye foni. Ndinatafuna simu, komanso sindinameze, amene akuti ndinameza abwere ndi umboni.

Nambala ija ndakhala nayo chifikireni ku Joni kuno. Masteni kumudzi anailoweza pamtima, mabwana onse ondipatsa maganyu openta ali nayo, ku Mukuru ndi yomweyo, WhatsApp yomweyo. Vuto linali netiweki, kuchipinda kwanga kuti uyimbe umayenera kukwera pa ndowa pafupi ndi windo. Nde mnzanga wina akuti aise, bwanji osangosamuka nayo nambalayo? Ine kudabwa, paja ife tinakula tikudziwa kuti 088 ndi TNM, 099 ndi Airtel, ukafuna inayo gula simu ina basi. Kuno zosamuka ndi nambala zinayamba 2006, moti ukaona 082 usathamangire kuti ndi Vodacom, mwina munthuyo anachokako kalekale.

Ndinagula simu yatsopano, kupanga RICA, kulembetsa simu kuja, ndi pasipoti ndi kapepala kosonyeza komwe ndimakhala, kutumiza SMS yopempha kusamuka. Atandiuza kuti mayunitsi otsala pa yakaleyo apsa ndinaimbira aliyense, mpaka alamu anga omwe sitimapatsana moni. Usiku yakale ija inafa, yatsopano nkudzuka ndi nambala yanga yomwe ija. Mfundo imeneyi musaidumphe, mbali yovutayo ndinakhoza ndekha.

Nde Loweruka lija tikuwotcha nyama kuseri, magetsi atathima, mtima unangoti yakale ija isachoke mwakachetechete, yandizunza mokwanira. Ndinatsegula foni ndi phini, kathireyi kutuluka, masimu onse awiri kugwera m'manja. Ndinatola imodzi, kuimirira pa kreti, nkuyamba kuilalikira. Ndinaikumbutsa mabandulo onse omwe anatha ndisanatsegule nkomwe Facebook. Ndinaikumbutsa tsiku lomwe abwana anandiimbira ndikungoti halo halo mpaka ganyu anapatsa Mzimbabwe. Ndinaiuza kuti pita bwino, ukapereke moni kwa azigogo ako. Anthu kuwomba m'manja, wina nthungululu, wina akujambula. Kenako ndinaiika pa dzino lakumbuyo, loswera mafupa lija, nkuluma pang'onopang'ono kuti kamera ione bwino. Khwaa! Amwene kaphokoso kameneko kanandikomera. Ndinabwerezanso kachiwiri, kutafuna ndithu nditatsinzina, nkulavulira pa makala, kautsi kutuluka, ine manja m'mwamba ngati ndagoletsa ku Bingu Stadium.

Ndinabwezera inayo mufoni. No service. Kuthimitsa, kuyatsa. No service. Kupukuta pa malaya, kuuzira mpweya, kuloza foni kumwezi. Mpaka mlongo wina anati achimwene tabweretsani, nkuunika ndi tochi, nkufunsa mwaulemu kwambiri kuti kodi mwati mwasamukira kuti? Chizindikiro chinali cha netiweki yakale ija. Ili bwinobwino, yopanda ndi kachipsera komwe.

Koma tinene chilungamo, ndani anaganiza kuti simu izikhala yochepa choncho? Mumdima, m'manja muli mafuta a nyama, mukanasiyanitsa inuyo? Ndipo nonse munalipo, munawomba m'manja, palibe anati tayamba waona kaye.

Ku shopu kokapanga sim swap mayi uja anafunsa kuti simu yatani, ndinati galu. Anandiyang'ana kukamwa kwa nthawi ndithu. Nambala anandibwezera yomweyo, koma pofika nthawi imeneyo masteni anali ataimbira abale onse kuti foni yanga sikupezeka, ndiye kuti andigwira ndili ku Lindela kosungira anthu oti abwezedwe kwawo, ndipo amalume anali atayamba kale kufunsa kuti njinga yanga yakumudzi ija atenga ndani.

Amene muli ndi kavidiyo fufutani chonde. Komanso wina anapita ndi mbale yanga ya buluu tsiku lomwelo, ndikuifuna.