Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Mzinda Womangidwa pa Manda a Munthu Mmodzi

M'gawo lapitalo ndinakusiyani pamene amayi anatera pa bwalo la ndege la Newcastle, atavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba, kudzandithandiza chikuta cha mwana wachiwiri. Munali mu 2009. Mwana atakhwimako, ine ndisanabwerere ku ntchito yanga ya unamwino, amayi anayamba kung'ung'udza. Ati akabwerera ku Nkhotakota, anzawo a ku tchalitchi akawafunsa kuti ku Mangalande n'kotani, akayankha chiyani? Zimene anaona ndi chipatala, sitolo ya zakudya ndi makina ochapira. Bambo a ana anamva dandaulolo, anapempha tchuthi kuntchito, ndipo m'mawa wina tinakweza ana, fulasiki ya tiyi ndi mandasi m'galimoto n'kulunjika kumpoto pa msewu wa A1.

Tinayambira pa chilumba cha Lindisfarne, chimene eni ake amachitchula kuti Holy Island. Kumeneko sumangopita nthawi imene wafuna. Pali msewu wa tala wodutsa pa mchenga, koma kawiri pa tsiku nyanja imadzaza n'kumiza msewu wonsewo, kenako n'kuphwanso. Polowera anakhoma chikwangwani cha maola owolokera, ndipo pakati pa msewu pali kanyumba koyera ka matabwa koimikidwa pa mizati italiitali, kokwera ndi makwerero, kothawiramo amakani amene madzi awapeza panjira. Amayi anakulira m'mbali mwa nyanja, mwera amaudziwa, koma izi anazikana. "Nyanja yake yotani yoyendera wotchi?" Bambo a ana anayesa kulongosola za mphamvu ya mwezi yokoka madzi. Amayi anangoti "Chabwino," maso ali pa mzere wa mitengo yozikidwa pa mchenga, imene imalozera njira anthu oyenda ulendo wachipembedzo wapansi, ambiri osavala nsapato.

Pa chilumbapo pali bwinja la nyumba ya amonke. Denga kulibe. Makoma a miyala yofiirira anadyeka ndi mphepo mpaka kuchita zibowo zoti ukhoza kulowetsa chala, ndipo m'mwamba mwatsala chipilala chimodzi chopindika chodutsa kuchoka ku khoma lina kukafika ku linzake, osadziwa chikugwira chiyani. Makoma amenewa ndi a m'zaka za m'ma 1100. Nyumba yoyamba yeniyeni inali ya mitengo ndi udzu, yomangidwa mu 635 ndi mmonke wa ku Ireland dzina lake Aidan, amene anachokera pa chilumba cha Iona ataitanidwa ndi mfumu Oswald ya Northumbria, ufumu wakale wa dera limeneli. Aidan chinenero cha anthu a kuderali sankachidziwa bwino, moti polalikira mfumu yomweyo ndiyo inkamumasulira.

Nditawerengera amayi zimenezi pa chikwangwani, anandigwira mkono. "Ndiye kuti nawonso anachita kulalikiridwa? Ndi womasulira yemwe?" Kwa iwo Chikhristu chinali katundu wa azungu wobadwa naye. Kenako anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti apa ndi pa Likoma penipeni: amishoni kusankha chilumba, kumtunda akukuona koma pakati pali madzi. Amayi ndi a Anglican a magazi, anakwerapo Ilala kukapemphera m'tchalitchi cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, choncho ankanena zimene akudziwa. Kungoti madzi a ku Lindisfarne sanateteze amonke aja. Mu 793 ma Viking, achifwamba a panyanja ochokera ku Scandinavia, anabwera ndi zombo, n'kupha ena, kugwira ena ukapolo ndi kufunkha za m'tchalitchi.

Linga la pa chilumbapo tinangolionera patali, lakhala pa nsonga ya thanthwe. Linamangidwa m'zaka za m'ma 1500, ndipo miyala ina anachita kugumula ku nyumba ya amonke ija mfumu Henry VIII ya England itaitseka mu 1537. Buku lotchuka la Mauthenga Abwino limene linalembedwa pamanja pa chilumbapo, pa zikopa za ana a ng'ombe, silili pomwepo. Lili ku British Library ku London, ndipo anthu a kumpoto kuno amadandaula kuti libwerere kwawo. Ndinaseka chamumtima kumva Mngelezi akulira kuti London inamutengera katundu.

Madzi asanatseke njira tinatuluka n'kupita ku Bamburgh Castle. Kunja kwake n'kochititsa kaso, chilinga chachikulu pa thanthwe, kunsi kwake mchenga woyera. M'kati, kunena zoona, ine malinga amanditopetsa. Malupanga, zovala zachitsulo za ankhondo, mbale zosadyera, zithunzi za anthu osamwetulira. Zambiri zimene umaona m'menemo anazikonzanso Lord Armstrong, mpondamatiki wopanga mizinga wa ku Newcastle, atagula malowo mu 1894. Amayi anali ndi mafunso awiri okha: amasesa ndani, ndipo nthawi yozizira amawotha chiyani.

Mawa lake ndi pamene tinapita ku Durham, ndipo nkhani yanga yeniyeni ili kumeneko.

Mzinda wakale wa Durham uli pa chitunda chimene mtsinje wa Wear unachizungulira pafupifupi mbali zonse. Ukawoloka mlatho wakale wa Framwellgate umakwera timisewu topapatiza ta miyala, nyumba zitapanikizana uku ndi uku. Ngolo ya mwana inkangoti gwedegwede mpaka amayi anatopa nayo, anamutulutsa mwanayo n'kumubereka ndi chitenje, azungu akucheuka. Pamwamba pali bwalo la kapinga lotchedwa Palace Green. Mbali ina kuli linga limene anayamba kumanga mu 1072 polamula William, mfumu yochokera ku Normandy imene inagonjetsa England. M'menemo munkakhala mabishopu amene analinso mafumu ang'onoang'ono, okhala ndi asilikali awo, makhoti awo ndi ndalama zawozawo, chifukwa ntchito yawo inali kulondera malire a Scotland. Lero mumagona ana a yunivesite. Yunivesite imeneyi ili ndi chingwe chofika kwathu: mishoni imene inatumiza Bishopu Mackenzie ku Magomero mu 1861 inali ya mayunivesite a Oxford, Cambridge, Dublin ndi Durham. Amayi atamva zimenezo anayamba kuyenda ngati eni malo.

Mbali inayo ndi tchalitchi chachikulu, Durham Cathedral, chimene anayamba kumanga mu 1093 n'kutha patapita zaka pafupifupi 40. Pa chitseko cha kumpoto pali chogogodera cha mkuwa, nkhope ya chilombo ya maso obooka, itaumirira mphete kukamwa. Kale munthu wopalamula mlandu waukulu, ngakhale wakupha, akathawira pamenepo n'kugogoda, amonke ankamutsegulira. Ankamuveka mkanjo wakuda wokhala ndi mtanda wachikasu, n'kumudyetsa ndi kumusunga masiku 37. Akatha masikuwo ankasankha kukaonekera ku bwalo la milandu kapena kuchoka m'dziko osabwereranso. Chimene chili pa chitseko lero ndi chofanizira chabe, chenicheni amachisunga m'kati. Mwana wanga wamkulu anafuna kugogoda, bambo ake anamuletsa.

M'kati muli mizati yonenepa yoti anthu angapo ogwirana manja ndiwo angaizungulire, iliyonse yosemedwa mizere yakeyake. Chapafupi ndi khomo, pansi, pali mzere wa mwala wakuda wodutsa chopingasa. Mayi wina wolondolera alendo anatiuza kuti nthawi ya amonke akazi ankalekezera pamenepo. Nditamasulira, amayi anaima, anauyang'ana mzerewo, anakonza mwana kumsana, n'kuulumpha ndi miyendo yonse iwiri. "Mwini wake wa nyumba ino anabadwa mwa mkazi," anatero, osatsitsa ndi mawu omwe.

Kuseri kwa guwa lalikulu kuli mwala wosalala wa pansi wolembedwa dzina limodzi lokha, CVTHBERTVS. Golide ndi miyala ya mtengo wapatali imene inali pamenepo anaichotsa anthu a Henry VIII. Cuthbert anali mmonke ndi bishopu wa ku Lindisfarne kuja, anamwalira mu 687. Ma Viking atapitiriza kuvuta, mu 875 amonke anasamuka pa chilumbapo, koma anakana kusiya maliro ake. Ananyamula bokosi, m'menemo anaikamonso mutu wa mfumu Oswald ndi mafupa ena a Aidan, n'kuyendayenda nalo kumpoto kwa England zaka pafupifupi 7. Anakhazikika ku Chester-le-Street zaka zoposa 100, ndipo mu 995 adzukulu awo mu ntchitoyo analinyamulanso. Nthano ya eni ake imati pafupi ndi Durham ngolo ya bokosilo inaima, anthu n'kukankha, osasuntha. Anasala kudya ndi kupemphera mpaka womwalirayo anaonetsa kumene akufuna kukagona, ndipo malowo anawapeza potsatira mayi wina amene ankafunafuna ng'ombe yake yosochera. Ng'ombeyo anaisema pa khoma la kunja, ilipo mpaka pano.

Apa amayi sanadabwe ngakhale pang'ono. Nyanja yoyendera wotchi inawazunguza mutu, koma bokosi lokana kuyenda ayi. "Maliro akakana kuyenda ndiye kuti pali mawu," anatero. "Anachita bwino kufunsa." Anagwada pambali pa mwalawo n'kupemphera nthawi yaitali ndithu, mwana ali kumsana.

Ine ndinakhala pa benchi, mutu uli kwina. Miyezi ingapo izi zisanachitike, Mmalawi mnzathu anamwalira mwadzidzidzi mu mzinda wina wa kuno, ndipo monga mwa chizolowezi chathu tinasonkha. Amene munakhalapo kunja mukudziwa: mafoni usiku, mndandanda wa mayina, uyu mapaundi 20, uyu 50, ena kugwira mashifiti owonjezera, kufikira atakwana masauzande angapo a bokosi lapadera, zikalata ndi ndege. Mnzanga wa pa wodi, mzungu wamtima wabwino ndithu, anandifunsa tikumwa tiyi kuti n'chifukwa chiyani timawononga ndalama zonsezo pa munthu woti wapita kale, m'malo mopatsa ana ake. Funsolo si lopusa, ndipo nanenso limandivuta ndikaona ana amasiye akusowa fizi maliro atadya zonse. Koma pa ntchito yanga ndatsekapo maso a nkhalamba zambiri zofa popanda wachibale pambali, ena n'kukawotchedwa pali anthu osakwana kudzaza benchi imodzi. Tsono kukhala m'nyumba yotchuka kwambiri ya dera lonselo, n'kudziwa kuti tchalitchi, linga, msika, milatho ndi yunivesite zinamera pamenepo chifukwa makolo a mnzanga uja anakana kusiya mtembo wa munthu wawo pachilendo, kunandikhazika mtima pansi. Ife timanyamula wathu maola ochepa pa ndege. Iwo anasamala bokosi zaka 120 asanalipezere malo.

Si onse ananyamulidwa chotero. Mu 1650, itatha nkhondo ya ku Dunbar ku Scotland, asilikali a Oliver Cromwell, mkulu wa ankhondo a England, anatsekera akaidi a ku Scotland pafupifupi 3,000 m'tchalitchi chomwechi. Kunkazizira, chakudya chinali chochepa, kamwazi anabuka, ndipo akaidiwo anawotha matabwa ambiri amene anawapeza. Anafa ochuluka zedi. Kumene ena a iwo anaikidwa kunadzadziwika mu 2013, amisiri akukumba pafupi ndi laibulale ya pa Palace Green, pamene anapeza mafupa ataunjikidwa m'maenje popanda dongosolo, ena a anyamata osafika zaka 20. Panali anthu amene anapempha kuti mafupawo abwerere ku Scotland, koma anaikidwanso ku Durham komweko mu 2018. Tsiku lija tinadyera mandasi athu pa kapinga yemweyo, pafupi ndi maenjewo, osadziwa kanthu. Nditawaimbira amayi kuwauza za mafupawo, funso lawo loyamba linali lakuti kodi abale awo anauzidwa.

Nsanja ya tchalitchicho ili ndi masitepe 325. Bambo a ana ndi wamkulu anakwera, ife tinakana. Tinakaona manda a Bede, mmonke wa ku Jarrow amene analemba mbiri ya Aidan ndi Cuthbert, kenako tinatsetsereka kukafuna galimoto mvula itayamba kuwaza.

Pobwerera amayi anakhala duu mpaka titadutsa Chester-le-Street. Iwo ndi a kale, kulankhula ndi mkamwini maso ndi maso sachita, ngakhale m'galimoto yaing'ono ngati imeneyo. Anandikodola ine.

"Mwanawe, uwauze bambowa kuti ndikafera kuno asandiwotche. Andinyamule. Ndikagone pafupi ndi amayi anga."

"Amayi, mukudwala kodi?"

"Sindikudwala. Ndikunena kuti pasadzakhale mawu."

Bambo a ana anayankha maso ali pa msewu, "Tamva, amayi." Sabata yotsatira ndinawapeza pa tebulo ndi mapepala a inshulansi ya maliro yotumizira thupi kumudzi, akufunsa masiku obadwa a aliyense m'nyumbamo, ndi wakhanda yemwe. Tinakangana pang'ono za wakhandayo, koma ndinasaina. Visa ya amayi ya miyezi 6 inali itatsala pang'ono kutha, ine ndinkayenera kubwerera ku mashifiti a usiku, ndipo wolera mwana tinalibe. M'gawo lotsatira ndidzakuuzani mmene tinachitira.