Bulangete lomwe ulusi wake suonekera kuseri

Kuno ku Indiana, Disembala akafika dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo chisanu chimakutsekera m'nyumba mpaka Malichi. Nyengo imeneyi ndi yomwe ndidaphunzira kupeta nsalu mwa njira yomwe eni ake amati Swedish weaving. Adandionetsa ndi agogo ena achizungu a kutchalitchi kwathu. Tsiku lina adafunda bulangete loyera la mizere yobiriwira yokhotakhota, ndiye nditalitembenuza ndidapeza kuseri kuli mbee, kopanda ulusi ngakhale umodzi. Ndidawagwira mkono kuti andiuze chinsinsi chake.

Iwo adaphunzira kwa mayi awo, omwe ankapeta timatawulo ta kukhitchini m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, luso limeneli litatchuka kwambiri ku America. Ku Brazil amalitcha vagonite. Masiku ano ambiri amapetera pa nsalu ya thonje yotchedwa monk's cloth. Kalukidwe kake kamandikumbutsa lichero: nkhosi zinayi pamwamba, zinayi pansi, kupingasana choncho nsalu yonse. Nkhosi zinayi zokhala pamwambazo amazitcha float, ndipo pa inchi imodzi pamakhala ma float 7 kapena 8. Ntchito yonse yagona pa kulowetsa singano pansi pa nkhosi zinayizo popanda kuboola nsalu.

Ndidagula mayadi awiri ndi theka, mulifupi mwake mainchi 60. Mtima unali dyokodyoko kuti ndiyambe usiku womwewo, koma agogo adandiletsa. Nsaluyi imafupika ikachapidwa, pamene ulusi wopetera, womwe ndi wa akiriliki, sufupika. Ukapeta usanachape, tsiku lochapa koyamba nsalu imabwerera koma ulusi nkutsala lendelende. Choncho iyenera kuyamba yalowa m'madzi.

Apa mpomwe ndidalakwitsa. Adandiuza kuti ndisoke kaye zigizagi m'mphepete modulidwa, koma ndidasoka mbali imodzi yokha, inayo ndidaiwala. Potulutsa m'makina ochapira, mbali yosasokayo inali itayoyoka, nkhosi zitapotana ngati mizu ya udzu. Zidandipweteka mumtima, chifukwa nsaluyi si yotchipa. Ndidadula mainchi anayi nkutaya, kuwonjezera pa mainchi pafupifupi 10 omwe idafupika. Mukagula yanu, sokani zigizagi kawiri mbali zonse zodulidwa musanaiyandikize kumadzi.

Itauma ndidaipinda panayi kuti ndipeze pakati penipeni, nkubayapo pini wa thewera. Singano yake ndi yobuntha, yaphanthiphanthi, yopindika pang'ono kumutu, amati bodkin. Yakuthwa imang'amba nkhosi. Ulusi wa mzere uliwonse umadulidwa wautali wokwanira kuchoka mphepete ina kukafika ina popanda kulumikiza. Pepala la patani limanena utali wake. Mzere wanga woyamba umafuna ulusi wotalika kawiri kuposa mulifupi mwa nsalu, koma mizere yokwera ndi kutsika kwambiri imadya katatu kapena kuposa.

Poyamba zidandidabwitsa kuti sayambira kumphepete. Umalowetsa ulusi pa float wa pakati, kukoka mpaka theka likhale uku theka uko. Theka limodzi umalikulunga nkulimanga ndi pini, linalo nkumapeta nalo mpaka kumapeto. Ukatero umazungulitsa nsalu kuti kumutu kukhale kumiyendo, kumasula lomwe udamanga lija, nkupeta kulowera mbali inayo. Mukatero maluwa a kumanja amafanana ndi a kumanzere, komanso ulusi suchita ubweya chifukwa chokokedwa mtunda wautali.

Mzere woyambawo udanditengera madzulo atatu. Ndinkawerenga mokweza ndili ndekha patebulo: anayi kutsogolo, kukwera awiri, mmodzi kutsogolo, kutsika awiri. Nditatsala pang'ono kufika kumphepete ndidaona kuti kaphiri kamodzi kafupika kuposa anzake. Ndidabwerera ndi chala, kuwerenga float mmodzimmodzi, mpaka ndidapeza pomwe ndidakwera mzere umodzi m'malo mwa iwiri. Ndidaimbira agogo kuwafunsa ngati ndingangopitiriza, poti kunali kulakwitsa kochepa. Adakana. Adati mizere yonse yotsatira imatsanzira woyambawo, ndiye cholakwa cha lero chidzaoneka mpaka mzere wa 20. Ndidasolola ulusi. Ubwino wake palibe mfundo yomasula, umangokoka ndi singano, ulusi nkutuluka bwinobwino.

Kuchokera pamenepo ntchito idapepuka. Mzere wachiwiri umangoyenda pamwamba pa woyamba, maso amazolowera, pakamwa nkusiya kuwerenga. Zinthu ziwiri zokha ndidapitiriza kusamala nazo. China nkutola nkhosi zitatu m'malo mwa zinayi, kapena kumiza singano mpaka kuseri. Ndinkatembenuza nsalu ndikamaliza mzere uliwonse, ndikaona kadontho kobiriwira ndimadziwa kuti ndaboola. Chinacho ndi kukoka ulusi mwamphamvu, zomwe zimakwinyitsa nsalu. Nchifukwa chake ine ndimapetera patebulo, nsalu itayalidwa, osati pamiyendo monga ena amachitira. Ndikapeta pang'ono ndimasalaza ndi chikhatho kuti ulusi ugone wokha.

Mitundu ndidasankha itatu ya chobiriwira, kuyambira chakuda ngati masamba a mango mpaka chowala ngati mmera wa chimanga. Itasanjana mizere isanu ndi iwiri, mapiri aja adayamba kuoneka ngati ali ndi mthunzi. Usiku umenewo ndidakhala nthawi yaitali ndikungosisita nsaluyo.

Kumaliza sikudavute. Nsonga za ulusi ndidazibweza pansi pa ma float angapo, kenako ndidadutsitsa zigizagi m'mbali kuti zigwire. Kumutu ndi kumiyendo ndidasoka mzere wina mainchi anayi kuchokera kumphepete, nkusolola nkhosi zopingasa kuti patsale mphonje.

Ndidayamba sabata yoyamba ya Januwale, ndidamaliza Malichi ali pakati. Lamulungu lotsatira ndidapita nalo kutchalitchi m'chikwama. Agogo sadayang'ane nkomwe maluwa. Adavala magalasi, adalitembenuza, nayendetsa chala kuseri kuchokera pamwamba mpaka pansi. Adapeza kadontho kamodzi pafupi ndi ngodya, adandionetsa, kenako adandifunsa mtundu wa ulusi womwe ndigule wa bulangete lachiwiri. Ndagula wofiirira, ndipo limenelo ndikupetera mayi anga ku Dedza, komwe Juni amazizira zedi.