Mgodi ukaima, mapampu asazime

Mu July 2008 tani imodzi ya mkuwa inkagulidwa pafupifupi madola 9,000. Pofika December mtengo unali utagwa kufika pansi pa madola 3,000. Ku Copperbelt, chigawo cha migodi ya mkuwa m'dziko la Zambia, nkhonya inayamba kugwera makontrakitala, kenaka amayi ogulitsa m'misika ya ku Kitwe ndi eni nyumba za lendi, poti onsewa amadyera m'thumba la wogwira ntchito mumgodi. Mgodi wa Luanshya unaimitsidwa, ndipo kampani ya ku China ya CNMC inaugula mu 2009.

Mgodi woima umadyabe ndalama tsiku lililonse. Madzi apansi sadikira kuti mtengo ukwere. Mapampu akangozima chifukwa cha ngongole ya magetsi, ngalande zimadzaza, zingwe ndi makina zimadyeka ndi dzimbiri, ndipo kupopa madziwo kumatha miyezi yambirimbiri. N'chifukwa chake mwini mgodi akati akutseka, boma liyambe kukambirana naye za bilu ya magetsi a mapampu ndi kagulu ka amisiri osamalira mgodiwo. Za misonkho zibwere pambuyo. Amisiriwa akabalalikira ku Congo kapena ku South Africa, kuwaitananso ndi ntchito yaikulu.

Mu February 2011 mtengo wa mkuwa unapyola madola 10,000 pa tani, ndipo ntchito zinabwerera. Chondidetsa nkhawa n'chakuti chigawochi chinadzuka chifukwa China inayambanso kugula, osati chifukwa chinapeza njira ina yopezera ndalama. Mpaka lero mkuwa ndiwo umabweretsa magawo awiri mwa atatu a ndalama zomwe Zambia imapeza pogulitsa katundu kunja.