Kuyesa antibody ya HRP2: kamzere kakazimiririka, funso silinathe

Ntchito ya sabata ino inali imodzi: kuona ngati antibody ya kalulu (puloteni ya chitetezo cha m'thupi, yogwira chinthu chomwe inapangidwira) yomwe yangofika kumene imagwiradi HRP2 yokha. HRP2 ndi puloteni ya Plasmodium falciparum, kachirombo ka malungo, ija timizere tambiri toyezera malungo timaifunafuna m'magazi. Pepala lobwera ndi botolo likuti imagwira iyo yokha, koma mawu apapepala sitilemba nawo zotsatira.

Lolemba tinasungunula HRP2 yopangidwa mu bakiteriya wa E. coli, yolumikizidwa ku GST (puloteni ina yothandiza poiyeretsa). Vuto loyamba ndi kudziwa kuchuluka kwake. Kuyeza ndi kuwala kwa 280 nm kumadalira kwambiri tizigawo ta puloteni totchedwa tryptophan ndi tyrosine, pomwe HRP2 yadzaza histidine ndi alanine, choncho makina amawerenga makamaka GST ija pamodzi ndi zinyalala za bakiteriya. Tinayendetsa HRP2 ija pa gel (yomwe imasiyanitsa mapuloteni potengera kukula) pambali pa puloteni yoyerekezera, BSA, ya 0.25, 0.5 ndi 1 µg, n'kuyerekeza kuda kwa timizere ndi utoto wa Coomassie. Wosaizolowera amadabwa poona pomwe yaima: powerengetsera ili pafupi ndi 30 kDa, GST n'kuwonjezera 26, koma pa gel imatsalira m'mwamba kuposa pamenepo. Ndi khalidwe lake, si kuti yawonongeka. Yotsala tinaigawa m'timachubu ta 20 µl n'kuiika pa -80°C, chifukwa kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza kumaipha. Madzulo tinathira pleti: 1 µg/ml mu carbonate ya pH 9.6, 100 µl pa kabowo, n'kugoneka pa 4°C. Mizere inali inayi: HRP2, HRP3 (puloteni ina ya kachirombo komweko, yofanana ndi HRP2), GST payokha, ndi madzi a E. coli yopanda jini yathu.

Mizere iwiri yomalizayi anthu amaidumpha, chonsecho kalulu aliyense amakhala kale ndi ma antibody a bakiteriya wa m'matumbo mwake. Mtundu ukatuluka pa puloteni yosayeretsedwa bwino, sungadziwe chomwe chagwidwa.

Lachiwiri inali ELISA, kuyeza komwe mtundu umatuluka pa pleti pomwe antibody yagwira. Kutseka ndi mkaka wa ufa wa 5% kwa ola limodzi, kutsuka kanayi ndi PBS (madzi a mchere) ya Tween 0.05%, antibody yosungunulidwa kuyambira 1:500 kumatsika ndi theka, kenako TMB yotulutsa mtundu, asidi, n'kuwerenga pa 450 nm. GST ndi E. coli zinakhala zoyera. HRP2 inada kwambiri. HRP3 nayo inaonetsa mtundu, wofookerapo koma woonekeratu.

Lachitatu tinachita zomwe ambiri amazitenga ngati chigamulo chomaliza. Dzulo lake tinali titasakaniza antibody ndi HRP2 yochuluka kakhumi pa kulemera kwake, n'kugoneka mufiriji, chubu china chili ndi antibody ndi PBS basi. Tinasamutsa mapuloteni kuchoka pa gel kupita pa membrane (iyi ndiyo western blot), n'kuidula pakati kuti mbali zonse zichokere pa gel imodzi. Mbali ya PBS timizere tinatuluka; mbali inayo mbee, ka HRP2 kanazimiririka. Koma ka HRP3 kanazimiririkanso, ndipo apa ndi pofunika kumvetsa. Mapuloteni awiriwa ali ndi tizigawo tobwerezabwereza tofanana kwambiri, monga AHHAAD mu HRP2 ndi AHHAAN mu HRP3. Dzanja lomwe antibody imagwirira HRP2 ndi lomwelo imagwirira HRP3. Ukalidzaza ndi antigen (apa ndi HRP2 ija), silingagwirenso chilichonse. Choncho kamzere kuzimiririka kumangotiuza kuti kugwirako kunachitikira pa dzanja la antibody, osati kumatirira wamba. Sikutiuza kuti chogwidwacho chinali puloteni imodzi. Ndimaona malipoti ambiri akuimira pamenepa, ndipo zimandidetsa nkhawa.

Lachinayi tinapita ku tizirombo tenitenti. Mitundu itatu yoweta mu labotale imathandiza kwambiri: 3D7 ili ndi majini onse awiri, Dd2 ilibe wa HRP2, HB3 ilibe wa HRP3. Blot yam'mawa inatuluka yofooka ngakhale pa 3D7. Cholakwa chinali saponin: timaphulitsa naye maselo ofiira kuti titsale ndi tizirombo tokha, koma HRP2 kachirombo kamaitulutsira m'selo lofiiramo, ndiye yambiri inapita ndi madzi omwe tinataya titazungulitsa. Tinabwereza pophwanya maselo athunthu, n'kuikanso maselo ofiira opanda kachirombo pamzere wawo. Hemoglobin imachuluka m'munsi mwa gel, cha pa 16 kDa, choncho osathira zambiri.

Lachisanu m'mawa zinaoneka bwino. Pa 3D7 timizere tiwiri, pa HB3 kam'mwamba kokha, pa Dd2 kam'munsi kokha, pa maselo opanda kachirombo palibe kanthu. Izi zikugwirizana ndi ELISA ija: antibody imagwira HRP2 mwamphamvu, HRP3 pang'ono.

Nkhaniyi si yam'labotale mokha. Tizirombo topanda jini ya HRP2 tinalengezedwa koyamba ku Peru mu 2010, ndipo Eritrea inasiya kudalira timizere toyezera malungo ta HRP2 mu 2016. Magazi okhala ndi tizirombo tambiri totere atha kuonetsabe kuti HRP2 ilimo, kumachita kuli HRP3, ndiye wofufuza n'kulemba kuti jini ilipo pomwe palibe. M'kaundula talemba nambala ya lot (gulu la antibody lopangidwa limodzi), kusungunula kwa 1:2000, ndi chenjezo lakuti antibody iyi n'njabwino pa western blot, pomwe kukula kumasiyanitsa awiriwa, koma isagwiritsidwe yokha pa ELISA yofufuza majini osowa. Lot ina ikafika, mizere inayi ija ndi Dd2 zibwerezedwa, popeza kalulu wina amapanga ma antibody ake.