Kudikira ndege ya mawa ku Chileka

Mlamu wanga, mng'ono wa mayi a kunyumba, amachita geni yokaoda zovala ku Guangzhou, ndipo tsiku lina dzuwa litangolowa anandiimbira foni kuti, "Alamu, tikukwera ndege tsopano, kuno ndi pakati pa usiku." Za pakati pa usikuzo ndinaziyesa kutopa chabe, pakuti ku Ndirande kuno ana anali akusewerabe panja. Zoti nthawi ya ku China ili patsogolo pa yathu ndi maola 6 sizinandikhudze, popeza mutu wanga unali kale pa masamu ena.

Pabanja pathu ine ndimalemekezedwa ngati katswiri wa maulendo, chifukwa ndinakwerapo ndege kuchoka ku Chileka kupita ku Johannesburg, mtunda wa makilomita oposa 1,300 umene unatha m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Choncho ndinalengeza molimba mtima kuti China ndi patsogolo pang'ono pa Joni, ndipo mlendo afika cha m'ma 11 koloko usiku womwewo. Tambala anaphedwa, minibasi yolipira pa ola inahayidwa, apongozi anga anavala chilundu chatsopano, ndipo tinadutsa ku Chirimba tikuimba nyimbo za kwaya.

Ku Chileka tinapeza kuli zii, achule okha ndiwo anatilonjera. Mlonda wina wachikulire anamvetsera nkhani yathu, nandiyang'ana mwachisoni, kenaka anafotokoza pang'onopang'ono kuti kuchoka ku Guangzhou kufika ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 8,000, ulendo wa maola oposa 10, ndipo kumeneko munthu amatsika n'kudikira ndege ina imene imauluka makilomita ena pafupifupi 2,800 kuti ifike kuno, maola ngati anayi, osawerengera kuima ku Lilongwe. "Bambo," anatero, "mlendo wanuyo mwina panopa ali pamwamba pa India. Mubwere mawa masana."

Apongozi anga, amene mwamwambo salankhula nane maso ndi maso, anauza mwana wawo mokweza ndithu kuti mawuwo andipeze: "Uwauze akamwiniwo kuti iwo ndi amene ananena kuti mwana wanga afika lero, ndiye ine sindichoka pano."

Tinagona mu minibasi. Udzudzu unadya ife, kondakitala anadya tambala, ndipo dalaivala, munthu yekhayo amene anali wosangalala, ankadzuka ola lililonse n'kulemba kachizindikiro pakatoni ya sopo. Mamawa azakhali ena anayamba kundifunsa, mwaulemu wopweteka, ngati ku Johannesburg kuja ndinapitadi pa ndege.

Mlamu anatulukira masana dzuwa likuswa mtengo, akukankha zikwama zitatu, ndipo atationa tili mbuu ndi maso ofiira anadabwa kwambiri. "Alamu, mwadzavutikiranji?" anafunsa. "Ine ndinapangana kale ndi wa takisi, uyo akundikodola apoyo." Apongozi anakwera takisi yomweyo pamodzi ndi ana awo awiri, ine n'kutsala ndi dalaivala, amene anali atayamba kale kuwonkhetsa.